Mlamu Wanga Anafera Bilu ya Madzi

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munabwera kudzakhuza maliro a mlamu wanga Lachiwiri lapitali. Malemuwo akuti zikomo kwambiri. Ali bwino, akudya, ndipo abwerera kale kuntchito.

Inu amene simunamve nkhaniyi, khalani pansi. Inu amene munaimvera kwa amayi a mumsika, khalaninso pansi, chifukwa munamva zopotoka. Akuti ine ndinalengeza maliro. Ine? Pakamwa panga sipanatuluke liwu loti maliro ngakhale kamodzi. Amene anandimva abwere adzanene pamaso panga. Ndilipo, sindinasamuke.

Ine ndimakhala ku Mchesi, pa poloti ya Che Amidu, atelala amene amasokera pakhonde la sitolo ina ku Old Town. Papolotipo pali mabanja angapo a lendi, koma mpopi ndi umodzi, mita imodzi, bilu imodzi. Ndimagona pabalaza kwa achemwali anga a Naphiri, amene angobereka kumene mapasa. Amuna awo, a Lufeyo, ndi mlonda ku Area 43. Usiku amalondera nyumba ya eni ake, masana amagona ngati chipika.

Mwezi watha bilu ya madzi inabwera yonenepa. Tinaiyang'ana, nayonso inatiyang'ana, Che Amidu anaipinda n'kuisomeka kudenga. Mwezi uno yabwera inzake itabereka yoyamba ija kumsana, pamwamba atadindapo zofiira: mukapanda kulipira, Lachiwiri tidzadula. Ndipo mukudziwa nonse kuti akadula, kuti adzalumikizenso amafuna ina yapadera. Mbuzi yathawa, akukulipiritsanso chingwe.

Che Amidu anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mapeyala. Kwathu bilu timagawana powerenga mitu. Zikumveka zophweka eti? Yesani.

"Mapasa aja ndi mitu iwiri," anatero Che Amidu.

"Ana oyamwa?" achemwali anakalipa. "Munawaona liti akumwa madzi?"

"Kumwa samwa, mama, koma kutulutsa amatulutsa. Chingwe chija chadzaza matewera mpaka malaya anga ndikuyanika pa udzu."

"Nanga inuyo, Che Amidu, mumasamba kasanu pa tsiku musanapemphere. Tikuwerengeni mitu ingati?"

"Kaketulo kamodzi, mama! Kaketulo!"

Kenaka nkhani inagwera aphunzitsi a chipinda chakumapeto, mbeta yaimuna imene ili ndi msuweni wobwera Loweruka lililonse kudzachapa. Msuweni ameneyu, kunena zoona, safanana nawo ngakhale khutu. Aphunzitsi anati msuweni si mutu, ndi mlendo, ndiponso iwo analibe ngakhale tambala mpaka mwezi uthe. Msonkhano unathera pomwepo, aliyense akuloza mnzake. Zimene zinasonkhedwa sizikanathirira ndi phazi lomwe la bilu ija.

Tsono ndikufunseni. Madzi akadulidwa panyumba ngati yathuyi, amakatunga ndani? Achemwali angotuluka kumene m'chikuta. Alamu masana ndi chipika. Watsala ndani? Ine. Mnyamata wandevu zongomera kumene, ndowa pamutu, kuchokera kumtsinje wa Lilongwe, kudutsa pagolosale pamene pamakhala atsikana onse a mu Mchesi. Komanso, tisiye nthabwala pang'ono, madzi a mumtsinje uja si ochapira matewera a ana amene mchombo wangouma kumene. Achemwali anasiya kugona tulo chifukwa cha nkhani imeneyi. Ndinkawamva akutembenuka pamphasa.

Chimene chimandiwiritsa magazi n'chakuti ine ntchito yanga ndi ya madzi omwewo. Ndimathirira kapinga kunyumba ina ku Area 3. Payipi imayamba kulavula m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Abwana akatuluka amati, "Udzuwu ukuoneka waludzu." Udzu! Kapinga wa ku Area 3 amasamba kawiri pa tsiku, ine ndimasamba ndi kapu. Mundimvetse bwino, sindikudandaula za chitukuko ayi. Mpopi ndi chitukuko, tikuthokoza kwambiri, ndipo khadi langa la chipani lili m'thumba muno. Ndikungonena za udzu.

Anthu a m'tauni muno ali ndi njira zambiri zozembera bambo wa sipanala, uja amayenda panjinga kudula madzi. Ena amamangirira galu pamita. Ena amaunjikapo njerwa, akati akumanga khitchini, khitchini yosatha zaka ndi zaka. Ena amatseka zitseko n'kutuma mwana kuti akanene kuti akuluakulu kulibe, mwana n'kukanena kuti, "Amayi akuti kulibe." Zonsezi bambo wa sipanala anaziona kale. Galu amamudziwa ndi dzina lomwe.

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma mutu sindinausiye m'kalasi. Lolemba ndikupita kuntchito ndinaona nthambi zamasamba zitaikidwa pamsewu, chizindikiro chakuti pafupi pagwa zovuta. Lole inachepetsa liwiro. Wapanjinga anatsika n'kuvula chipewa. Ngakhale woledzera wina amene ankaimba anatseka pakamwa. Ndinaima chilili. Ndinati, kodi alipo munthu wobadwa mwa mayi amene angagwade ndi sipanala pakhomo pamene pali masamba?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sindinauze munthu.

Lachiwiri m'mawa achemwali anapita ndi mapasa kusikelo. Che Amidu anapita kukhonde kwawo. Alamu anafika, navula majombo, nafunda bulangete kuyambira kumapazi mpaka kumutu monga amachitira. Ine ndinatumiza uthenga kwa abwana kuti m'mimba mwandivuta. Ndinathyola nthambi ziwiri za mango, ina ndinaika kumtunda kwa chipata chathu, ina kumunsi, n'kukhala pansi pa mapeyala nditagwira tsaya.

Nzeru yake inali yaifupi. Bambo wa sipanala afika, aona masamba, avula chipewa, adutsa. Ine ndichotsa masamba. Basi. Tapeza sabata ina yopumira.

Chimene ndinaiwala n'chakuti msewu si wa bambo wa sipanala yekha.

Woyamba kufika anali Mayi Nankhoma, ogulitsa zitumbuwa, amene nkhani ikalowa m'khutu mwawo imatulukira ku Kawale isanazizire. Anatula beseni pansi.

"Achimwene, kwagwanji?"

Ine bodza sindinena. Ndinangopukusa mutu.

"Ndani?"

Ndinausa moyo. Kodi kuusa moyo ndi mlandu? Munthu wokhala ndi bilu ngati yathu asause moyo?

Mayiwo sanafunsenso. Analowa m'nyumba, napeza munthu ali tantha pamphasa, bulangete mpaka kumutu, majombo ali pambali. Tsoka lake, mlamu wanga saliza mkonono. Anaziphunzira kuntchito kugona mwakachetechete kuti abwana asamve. Mayi Nankhoma anatuluka manja ali kunkhongo.

"Mayo ine! A Lufeyo! Dzulo lomweli anagula zitumbuwa zangongole!"

Abale anga, munayesapo kuimitsa lole yopanda mabuleki pamtsetse? Ndinathamanga, ndinati, "Amayi, dikirani kaye, si choncho." Anandikumbatira mutu wanga n'kuukanikiza pachifuwa. "Lira, mwanawe, lira. Usasunge mumtima." Pamene ndimapeza mpweya, pabwalo panali patadzaza.

Amayi ndi timabeseni ta ufa. Abambo ndi mabenchi a kutchalitchi. Anyamata ndi nkhuni. Anthu ena sindinawaonepo chibadwire, koma ankalira kuposa ife odziwa malemu. Amayi achikulire analowa m'nyumba n'kukhala mozungulira bulangete lija, palibe amene analivundukula, poti amadikira mwini wake wamkazi.

Ndipo mpopi! Anautsegula mpaka kumapeto. Migolo, miphika, ndowa za anthu a mapoloti ena. Mita inkazungulira ngati gudumu la njinga yotsika phiri. Ndinapita kuti ndikatseke, gogo wina anandimenya dzanja ndi chipande. "Pamaliro sakaniza madzi, iwe. Unaleredwa kuti?"

Nthawi yomweyo, uyo, bambo wa sipanala. Yunifolomu yake, chikwama cha zitsulo pakaliyala. Anaona masamba. Anatsika panjinga. Anavula chipewa. Mtima wanga unati, waona nzeru? Dutsani bambo, dutsani.

Sanadutse. Anatsamiritsa njinga pampanda, nalowa, napatsa abambo onse moni wapamanja, nadzakhala pabenchi pafupi ndi ine.

"Pepani achimwene," anatero motsitsa mawu. "Ndinabwera ndi nkhani ina, koma nkhani imeneyo yachepa. Anadwala nthawi yaitali?"

"Anangogona," ndinayankha. Onani, apanso sindiname.

"Ndi mmene amapitira anthu abwino."

Kenaka ndinazindikira kuti bamboyu ndi wakwaya kutchalitchi kwawo. Anayambitsa nyimbo ndi liwu lakuya ngati ng'oma, amayi m'nyumba anailandira, mpaka ine amene ndinkadziwa zoona zake misozi inalengeza.

Mbale ya chipepeso inayamba kuzungulira. Apa ndiye mumvetsere, chifukwa apa ndi pamene ndinapsa mtima. Bambo wa sipanala anaponyamo. Mayi Nankhoma, ndi ngongole yawo ya zitumbuwa, anaponyamo. Anthu a papoloti pathu, omwe aja ankalumbira pansi pa mapeyala kuti m'nyumba mulibe ndi ya mchere yomwe, anamasula nsonga za zitenje. Aphunzitsi, amene anathawa kalasi atamva uthenga, aja opanda tambala mpaka mwezi uthe, anatulutsa yapepala. Yapepala! Anaiongola bwinobwino kuti aliyense aione.

Che Amidu anafika akuthamanga, tepi yopimira ikadali m'khosi. Anaima pakati pa bwalo, misozi ili mbwe.

"Munthu uyu sanandiyankhepo mwano," anatero. "Pamaso pa anthu nonsenu, lendi ya mwezi uno ndakhululuka."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine ndinasunga mawu amenewo.

Tsono apa pakubwera pamene sindiseka. Achemwali anatulukira pakona, mwana wina kumsana, wina pachifuwa. Anaona masamba. Ndinawaona akuchepetsa kuyenda, akuwerenga zipata ndi maso kuti nyimboyo ikuchokera pa yani. Amayi anawathamangira n'kuwalanda ana. Nkhope imene achemwali anga anaonetsa nthawi imeneyo sindifuna kudzaionanso mpaka ine ndidzafe zenizeni. Ndinafuula kuti, "Achemwali, ali moyo!" koma mawu anga anamira m'nyimbo ya bambo wa sipanala.

Achemwali anakankha aliyense, nalowa, nadzigwetsa pabulangete paja akumenya ndi zibakera. "Bambo a mapasa! Mwandisiyira yani ana awa?"

Bulangete linadzuka.

Linaimirira njo, linamenya sawasha, linakuwa kuti, "Sindinagone, bwana! Ndimangopemphera!"

Sindinadziwe kuti amayi achikulire amatha kutulukira pawindo. Mayi Nankhoma anaponda beseni lawo lomwe, zitumbuwa mbwee pabwalo ponse. Aphunzitsi anakwera mapeyala. Nyimbo inadukira pakati pa liwu. Bambo wa sipanala analumpha mpanda osaugwira, kusiya njinga, chipewa, ndi chigamba cha buluku lake chikulendewera pa msomali.

Alamu anatuluka pakhomo akutikita m'maso, nayang'ana mabenchi, nkhuni, migolo. "Kodi wamwalira ndani?" anafunsa. "Bwanji osandidzutsa?"

Anthu atabwerera mmodzimmodzi, maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinaimirira. Ndinati, "Ndani anandimva ndikunena kuti kuli maliro? Ine ndinangoika masamba. Mitengo ya mango ndi yoletsedwa?" Ndikanapitiriza, chifukwa mfundo ndinali nazo zambiri, koma thewera lonyowa linandipeza pakamwa. Achemwali ali ndi dzanja. Atcheyamani a dera lathu, amene anakwiya kale kuti anthu ayamba kulira iwo asanauzidwe, anagamula pomwepo kuti ndipereke nkhuku. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, anatero. Ndinafuna kuwayankha kuti madzi ake ati, poti akudulidwa, koma atcheyamani sayankhidwa.

Inatsala mbale. Che Amidu anaiika pabenchi n'kunena kuti aliyense atenge yake.

Palibe anasuntha.

"Ndalama ya chipepeso ndibwerere nayo kunyumba?" anatero Mayi Nankhoma. "Ndikaitane chiyani pakhomo panga? Ine ayi."

Aphunzitsi anatambasula dzanja kulunjika yapepala ija, naona maso a anthu, dzanja lija linakhotera kukakanda khutu.

"Ndiponso lendi mwakhululuka," alamu anatero, atamva zonse. "Anthu awa ndi mboni."

"Ndinakhululukira wakufa!"

"Ndiye mukufuna ndifenso?"

Che Amidu anayang'ana kumwamba, nayang'ana anthu, nagonja. Mawu onenedwa pamaliro sabwezedwa, ngakhale maliro atadzuka.

Apo n'kuti bambo wa sipanala akulowanso pachipata chammbali ngati nkhanu, manja ataphimba kumbuyo. Ananditcha maina angapo amene nyuzipepala ino singasindikize. Kenaka anati, "Ntchito ndi ntchito. Masamba achoka, ndiye ndidula."

Achemwali anangokhala pansi pakhonde, mapasa ali pamiyendo. Bamboyo anawayang'ana. Anayang'ana chingwe cha matewera. Anayang'ana mita, imene ili pansi penipeni, poti munthu sungaifike osawerama.

"Koma sindingawerame chonchi pamaso pa amayi," anatero. "Atelala, mundisokere bulukuli. Likatha ndidula. Pokhapokha lisiti litafika buluku lisanathe."

Che Amidu makina anali atawasiya kukhonde, ndiye anati asoka pamanja. Bambo wa sipanala anakhala pabenchi atadzikulunga bulangete lomwe lija la malemu. Ine achemwali anandimangira pakansalu za m'mbale zija pamodzi ndi lendi ya alamu yokhululukidwa, n'kundiuza kuti ndikabwera wopanda lisiti ndikapezeretu kwina kogona.

Ndinathamanga, abale. Msika ndinaudutsa ngati ndaba. Pamlatho ndinagunda munthu wa mtolo wa nzimbe, pepani bambo ngati mukuwerenga. Ku ofesi ya zamadzi ndinapeza mzere wa anthu a nkhope ngati yanga, aliyense atafumbata kansalu kake. Akalaliki anawerenga makobidi aja mmodzimmodzi, akununkhiza. "Bwanji ndalamazi zikununkha utsi?" Ndinati, "Ndi za maliro, bwana." Anandipepesa.

Akuti Che Amidu, munthu wosoka suti yaukwati tsiku limodzi, sanasokepo pang'onopang'ono chotero chibadwire. Singano inatayika kangapo. Ulusi unali wosafanana ndi nsalu, anatuma munthu kukafuna wina. Anamaliza, napeza kuti asokera limodzi ndi thumba, nasomola. Pamene ndimalowa pachipata, lisiti lili m'mwamba, lilime lili panja, n'kuti akuluma ulusi womaliza.

Bambo wa sipanala anavala buluku lake, nawerenga lisiti, nabweza sipanala m'chikwama. Potuluka anati, "Mnyamata iwe, tsiku limene udzafe zenizeni, ine ndidzayamba ndakutsina."

Madzi akutuluka mpaka lero.

Tsono nkhuku ndapereka, ndipo kwa achemwali ndinagwada, poti pamenepo pokha ndiye ndinalasa polakwika. Masamba pamsewu si choseweretsa, ndamva, musachite kunditumizira makalata. Koma inunso ndiyankheni funso langa.

Ndalama zija zinali kuti pa tsiku la msonkhano?

Anthu ake omwewo. Matumba ake omwewo. Pansi pa mapeyala tinkawerengana mitu ngati mbuzi za pamsika, kukanganirana kaketulo ndi matewera, aliyense akulumbira kuti alibe. Munthu atangofunda bulangete, ufa uwo, nkhuni izo, yapepala iyo. Mayi wa ana awiri akhanda akusowa tulo poopa kuti mpopi uuma, timati ndi zake. Mwamuna wake akafa, timabwera ndi migolo kudzamuphikira. Kodi chifundo chathuchi chimadikira fungo la bokosi?

Ndipo si Mchesi yokha. Pitani ku Kawale, pitani ku Biwi, ngakhale kuseri kwa mipanda ya maluwa ku Area 14 kumene mumaganiza kuti kulibe mavuto. Bambo wa sipanala amafikakonso, kungoti kumeneko amamulowetsera kukhomo lakumbuyo kuti aneba asaone. Tonse tikubisa mapepala ofiira kudenga. Munthu amalolera kumanga galu pamita kusiyana n'kugogoda kwa mnzake kuti, "Achimwene, zandivuta mwezi uno." Ndipo mnzakeyo amalolera kudzagula nsalu yokulungira mtembo kusiyana n'kubwereketsa ya madzi. Timati mutu umodzi susenza denga, koma timadikira denga ligwere munthu kaye.

Alamu okha ndiye nkhaniyi yawakomera. Akuyenda monyada mu Mchesi monse, poti adziwa amene anawalira ndi amene anangobwerera nkhani. Mnzawo wina wa bawo sakumulankhula, akuti anamva kuti analira ndi diso limodzi. Ngongole ya zitumbuwa akukana kubweza. Akuti inafa ndi malemu.

Ine chilango changa chenicheni sichinali nkhuku. Achemwali agamula kuti, poti mpopi ndinaukonda mpaka kuwaphera mwamuna, matewera onse a mapasa ndizichapa ine mpaka ana adzayambe kukwawa. Mpopi wake uli poyera, moyang'anana ndi msewu wopita kugolosale. Ndinkathawa ndowa pamutu kuti atsikana asandiseke. Tsopano amachita kuima pampanda n'kumandifunsa kuti, "Achimwene, maliro ake aikidwa liti?"

Bilu ina ikubwera mwezi wamawa, ndipo ikhala yonenepa kuposa zonse, chifukwa cha migolo ija munadzaza inu olira. Alamu ndawafunsa, akana kufanso. Akuti ulendo uno afe aphunzitsi.

Ndiye ndikufunseni, anthu a ku Mchesi, mbale ija singazungulire munthu akadali kupuma? Kapena ndikathyolenso mango?